Bungwe lathu laling'ono lidziwike bwanji tilibe ndalama zambiri?

Nambewe_Domue

Moni nonse. Ndikulemba m'malo mwa bungwe lathu la kuno ku Domué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Tilipo anthu 16, ambiri ndife amayi. Timalima nyemba ndi mbatatesi pamunda umene amfumu anatibwereka, ndipo tikagulitsa timagulira makope, zolembera ndi yunifolomu ana amasiye 42 a m'midzi itatu. Tinalembetsa ku posto, ofesi ya boma ya m'dera lathu, ngati bungwe la alimi, mapepala tili nawo.

Mavuto athu ndi awiri. Kunja kwa midzi itatuyi palibe amene amatidziwa, ndiye otithandiza sitiwapeza. Komanso m'mudzi mwayamba manong'onong'o akuti ife a komiti timalandira ndalama kwa azungu n'kumadya tokha, pamene mzunguyo sitinamuonepo ndi kamodzi komwe. M'thumba mwatsala mameticais 6,000. Ena akuti tisindikize malaya olembedwa dzina la bungwe, ena akuti titsegule Facebook, ena akuti tiitane a TVM, wailesi ya kanema ya boma. Inu odziwa, tiyambe ndi chiyani?

Nkhoma_Ulongue

Mayi Nambewe, malayawo asiyeni kaye. Pamudzi pamene anthu akunong'onezana kuti komiti ikudya ndalama, tsiku limene anthu 16 adzatulukire atavala malaya atsopano ofanana, mphekesera ija idzakhala yapeza umboni. Yambani ndi vuto lachiwirilo, chifukwa loyambalo lagona pomwepo. Bungwe lalikulu likafuna kugwira ntchito m'dera silifunsa inu poyamba. Limafikira ku administração, likulu la boma la Angónia ku Ulónguè, kenako kwa chefe wa posto, kwa amfumu, kwa mkulu wa sukulu. Zimene anthu amenewa anganene za inu ndiye mbiri yanu, kaya Facebook muli nayo kaya mulibe.

Pasanathe masabata awiri, pemphani amfumu aitanitse msonkhano pabwalo. Oitana akhale iwo, osati inu, kuti ngakhale amene akukukayikirani abwere. Pakhale mkulu wa sukulu ndi atsogoleri a mipingo ingapo, a Katolika, a Reformada ndi ena, kuti pasapezeke wonena kuti ndi zinthu za mpingo umodzi. Msungichuma aimirire ndi kope lake n'kuwerenga mokweza: matumba angati a nyemba, angati a mbatatesi, anagulitsidwa kwa yani pa mtengo wanji, mbewu ndi feteleza zinadya zingati, makope anagulidwa angati, zatsala zingati. Ngati zina munagulitsa m'makwacha kumalire, tchulani makwachawo komanso mtengo umene munasinthira tsiku limenelo. Apa ndi pamene masamu amasokonekera kawirikawiri, munthu n'kumaona ngati pasowa ndalama pamene kunali kusintha chabe.

Kumsika sapereka lisiti, tonse tikudziwa. Ndiye pa chilichonse chogulidwa popanda lisiti, lembani m'kope tsiku, katundu ndi mtengo, asayine wogulayo ndi membala mmodzi wosakhala mu komiti. Pamsonkhanopo uzani anthu asankhe okha awiri amene si a m'bungwe, aone kopelo pomwepo. Conselho fiscal, komiti yofufuza kayendetsedwe ka ndalama imene ili m'malamulo anu, idzuke igwire ntchito, isangokhala maina papepala. Mukatha, lembani masamuwo pa pepala lalikulu ndi zilembo zazikulu, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ikani tsiku, mumate limodzi pasukulu, lina ku posto.

Koma dziwani kuti mphekesera ya ndalama nthawi zambiri sibadwira pa ndalama. Imabadwira pakhomo pamene pali mwana wamasiye amene sanalembedwe. Choncho fotokozani mmene ana 42 aja anasankhidwira: anasankha ndani, poyang'ana chiyani, ndipo amene anatsala adzaganiziridwa liti. Ngati pa anawo pali wachibale wa munthu wa mu komiti, nenani nokha anthu asanakufunseni, mufotokoze kuti analowa pa mfundo iti. Ndipo makope a chaka chamawa mudzagawire pagulu, amfumu alipo.

Zimene zimaononga ndi izi. Kufufuza amene anayambitsa bodza kumasandutsa nkhani kukhala mlandu wa mabanja, ndipo simudzaupambana. Kuopseza kuti mukasuma kumachititsa anthu kuganiza kuti pali chobisa. Ndipo membala aliyense akamayankha zake kuchitsime ndi kuchigayo, nambala zimasiyana, wina akuti ana 40, wina 50, basi mwagwidwa bodza musananame. Sankhani wolankhulira bungwe mmodzi ndi womuthandiza mmodzi. Ena onse aloweze chiganizo chimodzi chofanana, monga chakuti: ndife alimi 16 a ku Domué, timalima nyemba ndi mbatatesi kuti ana amasiye 42 a m'midzi itatu asasiye sukulu. Nambala ikasintha, muuzane pamsonkhano.

Kenako boma. Miyezi itatu iliyonse lembani lipoti la tsamba limodzi m'Chipwitikizi: tachita chiyani, kwa ana angati, ndi ndalama zochokera kuti, miyezi ikubwerayi tichita chiyani. Perekani ku posto ndi ku SDSMAS, ofesi imene imaona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu, ndipo poti ndi nkhani ya sukulu, lina lipite ku SDEJT, ofesi ya za maphunziro. Nyamulani makope awiri a lipotilo, limodzi alidinde chidindo ndi tsiku n'kukubwezerani. Ntchito yake ndi iyi: alendo akafika m'boma n'kufunsa mabungwe amene akugwira ntchito ndi ana, wa mu ofesi amatchula amene pepala lawo lili pafupi. Ndiponso ndi mmene mumaitanidwira pa zikondwerero za pa 1 Juni, tsiku la ana, ndi pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino, pamene akuluakulu onse amakhala pamalo amodzi. Zonsezi mtengo wake ndi mapepala ndi ya chapa (minibasi) basi.

Chisale_Furancungo

A Nkhoma anena zoona, msonkhano uyambe. Ine ndionjezere za wailesi, chifukwa kuno kwathu imafika kumene Facebook ndi TV sizifika, ndipo imalankhula chilankhulo chathu. Muli ndi wailesi ya m'dera ku Ulónguè, komanso Rádio Moçambique ya ku Tete ili ndi nthawi zoulutsa m'Chinyanja. Za TVM musataye nazo ndalama. Atolankhani ake amachokera ku mzinda wa Tete, makilomita oposa 200, ndipo kawirikawiri amafika kuno akamaperekeza akuluakulu a boma. Njira yoonekera pa TV ndi kukhala pa ndondomeko ya ulendo wotero, ndipo amene amakuikanipo ndi a ku posto aja mukuwapatsa malipoti.

Pa wailesi siyanitsani zinthu ziwiri. Chilengezo mumalipira, amawerenga mawu anu momwe mwalembera. Nkhani simulipira, koma amasankha okha ngati ili yoyenera, ndipo amaikonza mmene akufunira. Mabungwe ambiri amakhumudwa chifukwa amapititsa pepala lofotokoza kuti bungwe lilipo, lili ndi zolinga zakutizakuti, n'kumadikira kulimva pa nkhani. Kukhalapo kwa bungwe si nkhani. Nkhani ndi chinthu chochitika tsiku lodziwika, pamalo odziwika, chokhala ndi nambala ndi anthu oti alankhule. Kukumba mbatatesi za ana amasiye ndi nkhani. Kugawa makope sukulu ikamatsegulidwa cha mu Febuluwale ndi nkhani. Ngakhale msonkhano wowerenga masamu pabwalo uja ndi nkhani yabwino kwambiri, chifukwa mabungwe ochita zotero ndi ochepa.

Kalembedwe kake: chiganizo choyamba chinyamule zonse, ndani, akuchita chiyani, kuti, liti, zingati. Mwachitsanzo: Loweruka likubwerali, 9 koloko m'mawa, alimi 16 a bungwe lakuti agawa makope kwa ana amasiye 42 pasukulu yakuti ku Domué, ogulidwa ndi ndalama za nyemba zimene analima okha. Pansi pake ziganizo zitatu kapena zinayi zofotokoza bungwe, kenako dzina ndi nambala ya wolankhulira uja. Theka la tsamba lakwana. Lembani m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi pa pepala limodzi, kuti mtolankhani asavutike kumasulira n'kukusokonezerani nambala. Musayambe ndi mbiri ya chaka chimene bungwe linabadwa ndi mndandanda wa maudindo. Wosankha nkhani amawerenga mizere iwiri yoyamba, akapanda kupezamo kanthu amaika pambali.

Pititsani pepalalo pamanja kutatsala masiku asanu kapena sabata, mufunse dzina la amene amayang'anira nkhani, mumuimbirenso kutatsala tsiku limodzi. Foni ya wolankhulira ikhale ndi moto tsiku lonselo. Nkhani zambiri zimafera apa: mtolankhani waimba kawiri, foni yazima, watenga nkhani ina.

Akalephera kubwera, musagwe mphwayi. Jambulani mawu pa WhatsApp muwatumizire. Lowani m'nyumba, kutali ndi chigayo, mphepo ndi malata olira mvula. Foni italikirane ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi. Yambani ndi dzina lanu, udindo ndi malo, kenako mfundo, osapitirira mphindi imodzi ndi theka. Mvetserani musanatumize. Tumizaninso mawu a munthu wina wosakhala wa m'bungwe, monga mphunzitsi kapena agogo olera ana, chifukwa wodzitama yekha omvera samukhulupirira.

Mukaitanidwa mu studio, pitani ndi mfundo zitatu zokha, zolembedwa pa kapepala, ndipo yofunika kwambiri muinene poyamba chifukwa nthawi imatha mwadzidzidzi. Lankhulani mmene mumalankhulira kumunda. Mawu a m'malipoti aja, beneficiários, vulneráveis, asiyeni ku ofesi. Funso limene simukudziwa yankho lake, nenani kuti mukafunsa msungichuma n'kubweretsa yankho, osangotchula nambala ya m'mutu. Ngati mukulipira chilengezo, chiwerengeni mokweza muli ndi wotchi kuti chisapitirire theka la mphindi, mupemphe chiulutsidwe m'mamawa kwambiri kapena madzulo anthu atabwerako kumunda, ndipo katatu pa masiku atatu kuposa katatu tsiku limodzi. Mufunse mtengo wa mabungwe a m'dera, ndipo mutenge lisiti.

Chenjezo limodzi lalikulu: walira mvula walira matope. Tsiku lotsatira mutalankhula pa wailesi, pakhomo pa wapampando padzafika anthu ochokera midzi ina, ena ngakhale a tsidya la Dedza ndi Ntcheu, poti mawu a wailesi saima pamalire. Musanene kuti mumathandiza ana amasiye a m'Angónia. Tchulani midzi itatuyo maina ake, nambala ya ana, ndipo munene poyera kuti chaka chino simulembanso ena. Munthu amene wayenda mtunda wautali n'kubwezedwa chimanjamanja ndi amene amakayambitsa mphekesera yatsopano.

Nambewe_Domue

Zikomo kwambiri abambo nonse awiri. Za makwacha zija mwalasa, nyemba zina tinagulitsadi kumalire. Ndifunsenso ziwiri. Tikamva, atolankhani amafuna ya mayendedwe kuti abwere. Kodi tizipereka, kapena chimenecho ndi chiphuphu? Chinanso, mwana wa membala wathu amadziwa za mafoni, akuti tijambule anawo tiike pa Facebook kuti anthu amve chisoni atithandize. Zili bwino?

Najere_Tsangano

Amayi anzanga, za zithunzizo imani kaye. Mwana wamasiye alibe womuyankhulira, ndiye inu amene mukumuthandiza ndi amene muyenera kumutchinjiriza. Chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwereranso. Mwana amene lero ali mu kalasi yachitatu adzakula, adzapeza nkhope yake ili pansi pa mawu akuti wosauka, anzake akumuseka nayo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ufulu wa ana, Lei 7/2008, komanso Lei 19/2014 imene imateteza anthu amene ali ndi HIV kuti za umoyo wawo zisaululidwe. Musalembe konse chimene chinapha makolo a mwana, ngakhale mongozungulira, chifukwa owerenga a m'dera amalumikiza okha.

Ngati mukufuna kujambula mwana woonekera nkhope, womulera avomereze, mwanayonso avomereze. Lembani kapepala ka mizere inayi m'Chichewa, mukawerenge mokweza: chithunzi chipita kuti, adzachiona ndani, dzina la mwana silidzalembedwa, ndipo mukakana mwana alandirabe makope ake. Mzere womalizawu ndi wofunika kuposa yonse, popeza agogo ambiri amavomera poopa kuti akakana mwana achotsedwa pa mndandanda. Asayine kapena adinde chala, musunge. Dzina lonse la mwana, mudzi wake ndi sukulu yake zisaonekere pamodzi ndi nkhope.

Komatu zithunzi zimene zimakopa othandiza enieni si za misozi. Ndi za ntchito. Amayi akupalira m'mizere ya mbatatesi, matumba ali pa sikelo nambala ikuoneka, mulu wa makope pa tebulo, manja a mwana akulemba, pepala la masamu lija litamatidwa pakhoma la sukulu. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, foni igone chopingasa, pukutani kagalasi ndi nsonga ya chitenje, yandikirani m'malo mokoka chithunzi. Musanaike, yang'anani ngati wina wavala chitenje kapena kapu ya chipani. Chithunzi chimodzi chotero chimakupakani mtundu wa ndale umene suchoka msanga, ndipo theka la mudzi limakutalikirani.

Apa ndisiyane pang'ono ndi a Nkhoma. Kugawa pagulu n'kwabwino pothetsa mphekesera, koma kuitana ana mmodzimmodzi ndi maina pamaso pa mudzi wonse, agwade alandire kope anthu akuomba m'manja, kumawachititsa manyazi, makamaka atsikana okulirapo, ndipo ena amaleka kubwera. Werengani katunduyo pagulu, amfumu ndi mkulu wa sukulu aone kuti makope ndi angati, asayine. Kupereka kwenikweniko kuchitikire m'kalasi, olera ana alipo, mboni ziwiri zilipo.

Chinanso chimene anthu amachipeputsa: kulemba maina a ana ndi kuwajambula m'midzi ndi ntchito yoopsa ngati anthu sanauzidwe bwino. Tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 kumwera kwa Malawi, ku Mulanje ndi Phalombe, pamene anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera ndipo mabungwe anasamutsa antchito awo m'maderawo. M'zigawo za kumpoto kwa dziko lino, anthu ogwira ntchito zaumoyo ndi atsogoleri a m'midzi akhala akumenyedwa powanamizira kuti akufalitsa kolera. Choncho musalowe m'mudzi ndi kope ndi foni popanda nthumwi ya amfumu, ndipo mlendo aliyense wobwera kudzaona ntchito yanu ayambe wafika ku posto ndi kwa amfumu, atanyamula credencial yake, kalata yomuzindikiritsa.

Za Facebook: tsegulani tsamba la bungwe, osati akaunti ya munthu yolembedwa dzina la bungwe. Oyang'anira akhale awiri kapena atatu, mmodzi wa mu komiti. Mukasiyira mnyamata mmodzi yekha, tsiku limene adzapite ku Tete kapena ku Joni kukafuna ntchito, tsamba lapita naye. Ikani kanthu kawiri pa mwezi, chithunzi chimodzi ndi ziganizo zitatu zokhala ndi tsiku ndi nambala. Ngati simungakwanitse, musatsegule, chifukwa tsamba limene linaima chaka chatha limauza mlendo kuti bungwe linafa. Kwa inu WhatsApp ingagwire ntchito kuposa Facebook: sonkhanitsani manambala a ana a ku Domué amene ali ku Tete, Beira, Maputo ndi kunja, muwapemphe chilolezo, muziwatumizira uthenga umodzi pa mwezi. Amenewo amawadziwa anawo ndi makolo awo, safuna kuwaonetsa misozi.

Mukayamba kudziwika, akuba nawonso amakudziwani. Wina adzaimba kuti bungwe lanu lasankhidwa kulandira thandizo, tumizani kaye ndalama yolembetsera pa M-Pesa kapena e-Mola. Wothandiza weniweni salipiritsa wothandizidwa. Dulani foni.

Chisale_Furancungo

Pa ya mayendedwe ija. Wailesi za m'madera zambiri zimayenda ndi anthu ongodzipereka, njinga yamoto ilipo koma mafuta palibe. Kulipira mafuta kapena chapa kuchoka ku Ulónguè kufika kwanu ndi kubwerera si chiphuphu, bola zichitike poyera: mugwirizane ndi mkulu wa wailesi musanafike tsikulo, ndalama ikhale yofanana ndi mtengo weniweni wa ulendo, wolandira asayine, ilowe m'kope la msungichuma. Chiphuphu ndi envulopu yoperekedwa kuseri kuti nkhani ikome kapena kuti ina ibisike. Mukayamba imeneyo mtengo umakwera chaka ndi chaka, ndipo tsiku limene mudzalephere, simudzamvekanso.

Akaulutsa zolakwika, monga kunena ana 420 m'malo mwa 42, musadikire. Imbani tsiku lomwelo mwaulemu, mupemphe akonze pa nthawi yomweyo imene anaulutsira, chifukwa omvera a madzulo si a m'mawa. Ikakhala nkhani yoipitsa dzina lanu, lembani kalata yaifupi yotchula tsiku, ola, mawu olakwikawo ndi zoona zake, muphatikize umboni. Ufulu woyankha unalembedwa m'lamulo la atolankhani la 1991, Lei 18/91, koma nthawi zambiri simufika potchula lamulo, kukambirana kumakwana. Musakatukwane wailesi pa Facebook. M'boma muli wailesi imodzi kapena ziwiri, mudzaifunanso.

Phiri_Moatize

Ine ndilankhule za othandiza, poti ndi kumene funso linayambira. Konzani chikwatu chimodzi chokhala ndi zinthu izi, chikhale chokonzeka nthawi zonse: pepala lakuvomerezani ku posto, malamulo a bungwe, maina a komiti, NUIT ya bungwe (nambala ya msonkho), malipoti odindidwa aja, kalata yaifupi ya mkulu wa sukulu yochitira umboni, ndi tsamba limodzi lofotokoza bungwe lokhala ndi zithunzi ziwiri. Zenizenizo zisachoke m'nyumba ya mlembi, muziyenda ndi mafotokope. Muzijambulenso bwino pa foni kuti wina akati tumizani, mutumize ola lomwelo.

Onani bwino malamulo anuwo. Mwati munalembetsa ngati bungwe la alimi, ndiye kuti munadutsa pa Decreto-Lei 2/2006, limene limalola magulu a alimi kuvomerezedwa ku boma kapena ku posto. Ndi njira yachidule ndi yotsika mtengo, koma wothandiza wosamala adzawerenga zolinga zanu n'kufunsa ngati kuthandiza ana amasiye kulimo. Ngati mulibe, kambiranani pamsonkhano wa mamembala onse, mulembe acta, pepala la zimene mwagwirizana, mukafunse ku boma mmene mungaonjezerere. Mabungwe ena akuluakulu amafuna olembetsedwa pa Lei 8/91, lamulo la mabungwe onse, ndi malamulo osindikizidwa mu Boletim da República, gazeti ya boma. Imeneyo imadya ndalama ndi nthawi, musaithamangire ndi 6,000 yanuyo.

Ndalama za anthu zisamalowe pa nambala ya wapampando. Ngakhale akhale wokhulupirika chotani, zikasakanikirana ndi za pakhomo pake palibe angazilekanitse, ndipo mphekesera ija imabwerera. Tsegulani akaunti ya bungwe ku banki, osayina atatu, awiri azikwanira kutapa. Podikira, khalani ndi nambala imodzi yogwiritsa ntchito za bungwe zokha, ndipo uthenga uliwonse wa ndalama yolowa uzikoperedwa m'kope tsiku lomwelo.

Poyamba kupempha, musayang'ane kutali. Makampani aakulu alipo m'chigawo chino, a malasha kuno ku Moatize, a magetsi ku Songo, a fodya amene amagula kwanu komweko, ndipo kalata mukhoza kulemba, koma amalandira zambiri ndipo amayang'ana kaye madera amene akugwiramo ntchito. Amene angakuyankheni msanga ndi wogulitsa mbewu ndi feteleza ku Ulónguè, wa sitolo ya makope, wa galimoto yonyamula mbatatesi, mipingo, ndi ana a kwanu a m'tauni aja. Pemphani chinthu chodziwika, osati thandizo lililonse. Kalata yonena kuti tikupempha makope 200 pofika sabata yomaliza ya Januwale, kapena matumba awiri a feteleza mvula isanagwe, munthu amatha kuyankha kuti inde kapena theka. Kalata yonena kuti tikupempha thandizo lililonse imalowa m'kabati. Tsamba limodzi, m'Chipwitikizi choyera, mphunzitsi akuwerengereni musanapereke, ndipo dzina ndi udindo wa wolandira zilembedwe molondola.

Amene wapereka, kalata yothokoza imufike pasanathe sabata, yotchula chimene anapereka ndi kuchuluka kwake. Patatha miyezi iwiri kapena itatu mutumizireni chithunzi ndi ziganizo ziwiri zonena kumene katundu wake anapita, musakupempha kanthu. Mabungwe ang'onoang'ono ambiri amataya othandiza pamenepa, amaonekera pokhapokha akafuna zina. Mufunseninso ngati akufuna kutchulidwa pa wailesi. Ena amakondwa, ena amaopa kuti onse adzawathamangira.

Za 6,000 ija, ine ndingati theka lisakhudzidwe, ndi la mbewu, popeza munda ukafa palibenso chofalitsa. Pa theka linalo, gawo lalikulu lipite ku mafotokope, mapepala aakulu, cholembera chachikulu ndi chapa yopita ku Ulónguè kukapereka malipoti, lotsatira ku mafuta a mtolankhani ulendo umodzi, lotsala ku mayunitsi a foni ya wolankhulira.

Nkhoma_Ulongue

Mayi Najere anena bwino pa kagawidwe, kuwerengera pagulu n'kuperekera m'kalasi kukukwaniritsa zonse ziwiri. Ndingoonjezera za nthawi ya msonkhano uja, Mayi Nambewe. Musauike tsiku la msika, kapena pamene m'midzimo muli maliro, kapena m'mawa nthawi yolima. Madzulo a Loweruka kapena Lamlungu anthu ataweruka kutchalitchi ndi pamene amabwera ambiri. Kutatsala tsiku limodzi, komiti ikhale pansi ndi msungichuma, muwerengere limodzi kope lonse ndi ndalama ili m'manja. Pakapezeka kusiyana, ngakhale kwa mameticais 200, mupeze chifukwa chake usiku womwewo, ndipo chikapanda kupezeka mudzanene nokha pabwalo kuti pali 200 imene sitikuiona, anthu awiri osankhidwa aja asanaitulukire.